Mpando wa a Pensulo

Pamsewu wina wopapatiza, pakati pa nyumba yometera tsitsi ndi kasitolo ka misomali, panali shopu ya akalipentala awiri apachibale. Khomo lake linali lalikulu kuposa makomo onse a mumsewuwo, ndipo chifukwa chake muchimva posachedwa. Munthu akalowa, ankayamba walandiridwa ndi fungo la utuchi ndi guluu, kenako ankaona mabenchi awiri ogwirirapo ntchito, lina pafupi ndi khomo pamene pankafika kuwala, lina m'kati pambali pa mulu wa matabwa.

Benchi lapakhomo linali la mkulu, amene anthu ankawatchula kuti a Pensulo chifukwa pensulo sinkachoka kukhutu kwawo. Ena ankati ngakhale posamba ankaiwala kuichotsa. Benchi lam'kati linali la mng'ono wawo, Macheka, munthu wa manja odala. Akadula thabwa pamzere, mzerewo unkagawika pakati, theka kutsala uku, theka uko.

A Pensulo anali ndi chizolowezi chimene sanachilumphepo. M'mawa uliwonse, asanagwire chida, ankatola zidutswa ziwiri za matabwa n'kulembapo funso limodzi lomwelo. China ankaika pabenchi lawo, china pabenchi la mng'ono wawo. Sanali mafunso a ntchito imene munthu waitanitsa ayi, anali ongonolera mutu. Munthu amene manja onse anyamula katundu, chitseko chingamutsegukire bwanji? Mwana akatsamira tebulo la miyendo itatu, lingaime bwanji osagwa? Akalemba, ankakhala kanthawi akujambula, kufufuta ndi chala, kung'ung'udza, mpaka atapeza kanjira. Koma chidutswa cha Macheka chinkauluka molunjika pamulu wa nkhuni.

"Iwe Macheka, chako chija wachiona?"

"Ndachiona, achimwene. Ndi chouma bwino, chiyaka."

"Mutu ndi mpeni, mng'ono wanga. Ukaugoneka m'dirowa umachita dzimbiri."

"Shopu imodzi, mitu iwiri ya chiyani? Mutu wanga mundisungire inuyo. Ine muzingondipatsa miyezo, ndizidula."

"Nanga tsiku limene ndidzautaye?"

"Inu kutaya chinthu? Ndi msomali wopindika womwe mumasunga."

Ankaseka onse awiri, koma kuseka kwa a Pensulo kunkatha msanga.

Si kuti Macheka anabadwa wouma mutu. Ali mnyamata, ndiye anali ndi nzeru zothamanga kuposa mkulu wake. Anapangirapo mayi awo kampando kopinda, koti akatopa pamzere wa kuchipatala ankangokatambasula n'kukhalapo. Chimene chinamuthyola mtima ndi kabati imodzi. Ali ndi zaka makumi awiri, anajambula yekha kabati yaikulu ya magalasi, n'kuipanga mwezi wathunthu. Inali yokongola moti anthu ankabwera kudzaisuzumira. Tsiku loti ipite kwa mwini wake, inakana kutuluka. Anaitembenuza chammbali, anaigoneka, anaiimika, koma khomo linali laling'ono. Msewu wonse unasonkhana. Mapeto ake anagumula khoma n'kukulitsa khomo, anthu akugwira nthiti ndi phwete.

"Palibe mmisiri amene sanagumulepo khoma lake," anatero a Pensulo tsikulo. Koma Macheka sanamve. Manyazi anamulowa m'mafupa, ndipo analumbira mumtima kuti sadzajambulanso kanthu. Wometa wa pakhomo loyandikana naye sanathandize, poti kwa zaka zambiri moni wake wam'mawa unali umodzi: "A Macheka, lero tigumula khoma liti?"

Zaka makumi atatu zinadutsa chomwecho, mkulu akuganiza, mng'ono akudula. Shopu inatchuka. Mitu ya onse awiri inayera. Macheka ankaona kuti moyo wake wakhala bwino, ngati munthu amene wakwera galimoto yoyendetsa mnzake, amene angathe kuwodzera njira yonse osadziwa pamene akhotera.

Tsiku lina Lachiwiri, dzuwa litangokwera pang'ono, Macheka anamva pensulo ikugwa pansi. Sanacheuke, poti pensulo imagwa. Koma sanamve munthu akuitola. Atatembenuka, anaona mkulu wake atakhala pansi mu utuchi, kamwa litapotokera mbali imodzi, maso akumuyang'ana ngati mwana wotayika pamsika.

Madokotala anati ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa ziwalo, ndipo mawu anawathawa. Anatsala ndi atatu okha: "eee", "ayi", ndi "iwe". Atatuluka m'chipatala, Macheka anawatengera kunyumba kwake, poti akazi awo anamwalira kale. Mkazi wa Macheka ndiye ankawasamala. Ataona kuti alamu akewo akungogwiragwira khutu ndi dzanja lamanzere, anakatenga pensulo ija n'kuwapanikiza nayo kukhutu. Anagona tulo tabwino tsikulo.

Vuto lalikulu linali kukhala tsonga. Akawakhazika pampando, thupi linkapendekera kumanja pang'onopang'ono ngati thumba losadzaza, mpaka munthu awagwire. Njinga ya odwala imene chipatala chinawabwereka inali ya nsalu yolobodoka. Ankamiramo, ndipo mkono wakufawo unkalendewera pafupi ndi gudumu.

Mwana yekhayo wa a Pensulo anali namwino kumzinda wakutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Atafika n'kuona mmene zinthu zinalili, anaitanira Macheka pakhonde.

"Bambo aang'ono, ndikuuzeni zoona. Munthu akangogona chigonere, msana umachita zilonda, chifuwa chimadzaza. Bambo ayenera kumakhala tsonga maola angapo tsiku lililonse. Tchuthi changa ndi cha masabata anayi. Akatha kukhala osagwa, ndiwasiya kuno, poti mtima wawo uli kushopu kuja, ndikudziwa. Akalephera, ndiwatenga. Kwathu kuja kuli bedi lodzutsa msana."

"Mpando basi?" anatero Macheka akumwetulira. "Mwana wanga, mipando imene yatuluka m'manja awa ingadzaze matchalitchi atatu. Bambo ako sapita kulikonse. Azikhala pakhomo pa shopu, azindikalipira ndi maso."

Anapita kushopu, n'kutsitsa mapatani amene a Pensulo anadula kalekale, omwe ankapachikidwa pakhoma. Anasankha a mpando wa manja, wotsamira bwino. M'masiku asanu mpandowo unali utatha, wosalala ngati tsaya la khanda. Anawanyamula a Pensulo n'kuwakhazikapo. Anakhala bwino kamphindi, kenako anayamba kutsetserekera kutsogolo, phewa likugwera kumanja. Namwino uja akanapanda kulumpha, mutu ukanamenya pasimenti.

Macheka sanaganize nthawi yaitali. Chinthu chikamagwa umachimanga. Anakhomera lamba wachikopa kumsana kwa mpandowo, n'kuwamanga pachifuwa. A Pensulo anayang'ana lambayo, anayang'ana mng'ono wawo, n'kuyamba kumenya dzanja la mpando ndi chikhatho.

"Ayi! Ayi! Ayi!"

Misozi inatsika mbali zonse ziwiri, yamoyo ndi yakufa yomwe.

"Masulani msanga, bambo," anatero mkazi wa Macheka. "Munthu wamkulu mwam'manga ngati mbuzi yopita kumsika."

Sabata yoyamba inathera pomwepo.

Wometa uja, amene tsopano anasiya nthabwala zake, anabwera ndi foni. Anakhala limodzi masana onse akusuntha zithunzi ndi chala. Mipando inalipo yambirimbiri, ya miyendo yokhota, yansalu, yachitsulo. Koma yonse inali ya anthu owongoka. Panalibe ndi umodzi womwe wopangidwira mkulu wake wa Macheka, wamtali, wamapewa opapatiza, wogwera kumanja.

Tsiku lotsatira Macheka anatenga thabwa loyera, n'kugwada pambali pa bedi.

"Achimwene, ndijambulireni. Ngakhale mizere iwiri yokha. Zotsalazo ndidula."

Anachotsa pensulo kukhutu kwawo, n'kuwagwiritsa kudzanja lamanzere. A Pensulo anayesa. Mkati mwa maso awo munkaoneka kuti mpandowo akuuona wonse, kuyambira miyendo mpaka potsamira. Koma mzere unayenda pathabwapo ngati nyongolotsi yopsa ndi dzuwa. Anayesanso kachiwiri, kachitatu, kenako pensulo inagwera pabulangete. Anapuma mwamphamvu, n'kulowetsa dzanja m'malaya. Anatulutsa chingwe cha m'khosi chimene panali kiyi wamng'ono.

"Iwe," anatero, akumukankhira kiyiyo.

Anali kiyi wa kachipinda ka kuseri kwa shopu, kamene ankalowamo okha. Macheka anathamanga ngati mnyamata. Mumtima ankati zojambula zonse za mkulu wake zili mmenemo, ndipo mpando woterewu sungalephere kupezekapo.

Anapezamo matumba atatu odzaza. Anakhuthula loyamba. Zinali zidutswa za matabwa, chilichonse chili ndi funso pamwamba, m'munsi mwake muli mbee, mopanda mzere ndi umodzi womwe. Anakhuthula lachiwiri, lachitatu, chimodzimodzi. Zinali zidutswa zake zija, zimene ankaponya pamulu wa nkhuni. Mkulu wake ankasankha zimene zamukomera n'kuzibisa, chaka ndi chaka.

Anabwerera kunyumba miyendo ikulemera.

"Mafunso okhaokha, mayi," anauza mkazi wake kukhitchini. "Ine ndikufuna mayankho. Zimene ankajambula okha zija anaika kuti?"

Mkaziyo anasiya kutsuka mbale.

"Mesa ndi zomwe munkabwera nazo m'thumba la nkhuni Loweruka lililonse zija? Zojambulajambula zija? Ndaphikira tiyi zaka zonsezi, bambo. Inu nomwe mwamwa."

Macheka anakhala pansi pakhomo la khitchini. Mkulu wake ankasiya mayankho ake kuti apse, n'kumasunga mafunso a mng'ono wake. Poyamba zinamukwiyitsa. Munthu nyumba ikupsa, mnzake n'kumupatsa khasu kuti akumbe chitsime! Masiku anayi anangoyendayenda m'shopu, kusesa posesa kale, kunola zida zakuthwa kale. Sabata yachiwiri inapita.

M'mawa wina mkazi wake anamupeza atagwira tsaya, tiyi atazizira.

"Bambo, mwendo umene waugonera sudzuka n'kuthamanga. Umayamba wachita dzanzi, kenako kumabaya ngati singano. Koma ukaopa kuuponda ndiye sudzayenda. Alamu aja sanakupatseni kiyi kuti muzikawerenga matumba."

Tsiku lomwelo Macheka anapisa dzanja m'thumba loyamba, n'kutulutsa chidutswa chimodzi. Linali funso lija la chitseko ndi munthu wonyamula katundu. Anakhala pabenchi lake, pensulo yatsopano ili m'manja. Anajambula chitseko. Anachiyang'ana, nacho chinamuyang'ana. Mutu unkalira ngati mahinjesi a nyumba yosiyidwa, ndipo pamphumi panayamba kuwawa. Anadzuka osapeza kanthu.

Mawa lake anabwereranso pa funso lomwelo. Mkuja wake chimodzimodzi. Tsiku lachinayi, akuyang'ana mapazi ake mu utuchi, anakumbukira bini ya zinyalala ya kuchipatala kuja, imene ankaitsegula poponda ndi phazi. Manja akagwidwa, phazi lilipo! Anajambula kathabwa kopondera m'munsi mwa chitseko, ndi ndodo yokwera kukakweza loko. Zinali zokhotakhota, koma zikanatheka. Anaseka yekha mokweza mpaka Wometa anasuzumira, lumo lili m'manja.

"Mwatola chiyani, a Macheka?"

"Ndatsegula chitseko."

Wometa anayang'ana khomo, limene linali lotsegula kuyambira m'mawa, n'kubwerera mwakachetechete akupukusa mutu.

Kuyambira pamenepo ankatenga zidutswa ziwiri, nthawi zina zitatu patsiku. Zina zinkamukanika, zina zinkagonja. Ndipo poziwerenga zambiri anazindikira chinthu chimene sanachionepo zaka zonse zija. Funso lililonse linkayamba ndi munthu: mwana, nkhalamba, mayi woyembekezera, munthu wa mwendo umodzi. Panalibe limene linkayamba ndi thabwa. Iye masiku onsewa ankayeza mipando, koma mkulu wake anali asanamuyezepo.

Apa n'kuti sabata yachitatu itatha.

Anasiya shopu n'kukakhala m'chipinda cha wodwala, kumangopenya. Anaona mmene mkazi wake ankachitira powadyetsa phala. Ankaika pilo pansi pa mawondo, ndipo thupi linkaleka kutsetsereka. Ankapinda thaulo n'kulitsamiritsa m'nthiti za kumanja, ndipo phewa linkaima. Mkono wakufa uja ankaugoneka pamiyendo pake kuti usakoke thupi lonse.

"Anakuphunzitsani ndani zimenezi, mayi?"

"Ndani? Ndimangoona kumene akugwera."

Macheka anatenga tepi. Anayeza kuchokera pachidendene kufika kuseri kwa bondo, kuchokera m'chiuno kufika m'khwapa, kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala. Anadula katoni, n'kumaisema pang'onopang'ono mpaka inagwirana ndi nthiti za mkulu wake ngati chivundikiro pa poto. A Pensulo ankatsatira manja akewo ndi maso.

"Eee," anatero chapansipansi. "Eee."

Masiku atatu anajambula n'kufufuta. Pokhalira anapendeketsa kuti kutsogolo kukwere, munthu azilowera m'mbuyo. Kumanja anaikako phiko lotsata nthiti. Dzanja la mpando la mbali imeneyo analipanga ngati kangalande kogonekamo mkono. Pansi anaikapo popondera. Lamba sanafunikenso. Pamene chojambulacho chinkatha, n'kuti kwatsala masiku awiri okha, ndipo phiko lokhalo linkafuna kumata matabwa angapo, kudikira guluu aume, kenako kusema.

Anapita kwa namwino uja atanyamula chipewa m'manja, ngati munthu wopempha kwa mkulu wake.

"Mwana wanga, ndipatse sabata imodzi yokha. Mpando uja ndaupeza. Uli apa, taona."

Namwinoyo anayang'ana thabwalo, maso ake n'kudzaza misozi.

"Ndikuuona, bambo aang'ono, ndipo ndi wabwino. Mukanandionetsa masabata awiri apitawo, bwenzi pano tikunena zina. Koma kuntchito andikaniza kuwonjezera masiku. Ndiponso bwerani muone."

Anamulowetsa m'chipinda, n'kukweza pang'ono bulangete. Pachiuno cha a Pensulo panali malo ofiira, aakulu ngati chikhatho cha mwana, khungu litayamba kusupuka pakati.

Galimoto inabwera Lamlungu m'mawa. Anawagoneka a Pensulo pampando wakumbuyo, mapilo atawazungulira. Anthu a mumsewu anabwera kudzatsanzika, Wometa ali patsogolo, maso ali psuu. Injini italira kale, Macheka anafika ndi thabwa lake lija, n'kulilowetsa pazenera.

"Achimwene, simunaone bwinobwino. Ndajambula ndekha."

A Pensulo analiyang'ana nthawi yaitali, moti woyendetsa anazimitsa injini. Chala chawo chachikulu chinayenda pa phiko lija. "Eee." Chinayenda pa kangalande ka mkono. "Eee." Kenako chinatsika n'kuima pamiyendo yakumbuyo. Chinadinda pamenepo kawiri.

"Ayi."

"Palakwika chiyani, achimwene? Yafupika? Yachepa?"

Mbali yamoyo ya nkhope ya a Pensulo inamwetulira. Anakweza dzanja kukhutu, n'kuchotsa pensulo ija, yaifupi, yolumidwalumidwa kumapeto. Anakodola mng'ono wawo kuti awerame. Kenako anaipanikiza kukhutu kwa Macheka.

"Iwe," anatero.

Galimoto inanyamuka, inakhota pakona pa kasitolo ka misomali, n'kuzimiririka.

Macheka anapanga mpandowo ngakhale mwini wake anali atapita. Miyendo yakumbuyo anaiyang'ana masiku ambiri osaona cholakwa, ndiye anaidula monga anajambulira. Utatha, anati ayambe waukhalira yekha. Anakhala, n'kutsamira ndi thupi lonse monga amachitira munthu wopanda mphamvu. Mpando unadzuka kutsogolo, ndipo Macheka anapezeka ali chagada mu utuchi, miyendo ili m'mwamba. Wometa, amene anaima pakhomo, anayesa kudzigwira koma zinakanika.

"A Macheka, khoma munalisiya, tsopano mukugumula pansi?"

Zaka makumi atatu zapitazo, kuseka koteroko kunamutsekera mutu. Tsiku limeneli anaseka nawo ali chigonere, mpaka misozi. Chala chija anachimva tsopano. Munthu akalowera m'mbuyo, kulemera kwake kumapitanso m'mbuyo, choncho miyendo iyenera kutambasukira kumbuyo kuti imulandire. Anadzuka, anasasa utuchi, n'kuchotsa pensulo kukhutu.

Asanamange komaliza, anaimbira foni namwino uja.

"Mwana wanga, tenga tepi. Undiyezere khomo la nyumba yako, ndi la kuchipinda kwa bambo ako."

"Khomo, bambo aang'ono?"

"Yeza basi. Nkhani yake ndi yaitali."

Mpandowo unapita pa lole, atawukulunga ndi mabulangete awiri. Patatha masiku anayi foni inalira masana, Macheka ali pabenchi.

"Wafika, ndipo walowa bwinobwino pakhomo," anatero namwino. "Dzulo akhalapo maola atatu osapendekeka ngakhale pang'ono. Lero akana kubwerera pabedi. Ndawaika pazenera, akungoyang'ana msewu. Chilonda chija chayamba kuuma."



"Ndiye poti akukhala tsopano, abwera liti kuno?" anafunsa Macheka.



"Madokotala ayamba kuwaphunzitsa kulankhula ndi kuponda. Kuwasuntha panopa n'kuwabwezera m'mbuyo. Komanso ulendo uja unawafooketsa kwambiri, sindingawayendetsenso msanga. Mwina chaka chamawa, bambo aang'ono. Mwina. Dikirani, akufuna foni."

Kunamveka kupuma kolemera, kodziwika.

"Iwe."

"Ndine, achimwene. Miyendo ija ndinaitambasula."

"Eee," anatero mawuwo. Kenako anabwerezanso motalikitsa, ngati munthu amene watula katundu wolemera. "Eeee."

Chaka chamawacho chinafika, n'kudutsa. Benchi lapakhomo likadali pomwepo, ndipo Macheka amalipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Pambali pake, pamene dzuwa limayamba kufika, pali timizere tinayi ta choko pasimenti, posonyeza pamene miyendo ya mpando uja ikanaponda. Timizereto tikayamba kufufutika, amatibwereza. Galimoto ikachepetsa liwiro pakona paja, amakweza mutu, kenako n'kubwerera pantchito.

Anthu tsopano amabwera ndi ntchito zimene akalipentala ena akana: bedi la munthu wa msana wopindika, tebulo la mwana wolemba ndi phazi. Macheka amayamba wamuyang'ana munthuyo, matabwa pambuyo. Ndipo asanagwire chida chilichonse, amapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa funso la tsikulo. Thumba loyamba latsala pang'ono kutha.

Tsiku lina Wometa anamupeza atagwira chidutswa, maso ali pa timizere ta choko tija.

"Koma nzeru munali nazo, a Macheka. Zinali kuti nthawi yonseyi?"

"Ndinasungitsa," anatero Macheka. "Ndipo wondisungirayo anasunga mokhulupirika, sanataye ndi kamodzi komwe. Koma tsiku limene ndinazifuna, zinali zitachita dzimbiri m'matumba. Masabata awiri okha, mnzanga. Ndikanamayankha ngakhale funso limodzi pamwezi, bwenzi achimwene atakhala apa, akundikalipira ndi maso."

Wometa anangokhala pambali pake, onse awiri akuyang'ana msewu.

Mnzako angathe kukusungira kiyi, zida, ngakhale ana. Angathe kukukonda mpaka kukutolera zimene iwe ukutaya. Koma mutu sanganole m'malo mwako, ndipo tsiku louyitana silichenjeza. Macheka anazindikira zimenezi mpando utatha koma pokhala pake pali pululu. Paja akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.